Euclid, Mphunzitsi wa ku Alexandria

Anthu ena a makedzana timawakumbukira chifukwa cha nkhondo zimene anazimenya, ena chifukwa cha midzi imene anaimanga. Koma munthu amene tiwerenge mbiri yache lero sanagwira nthungo, ndiponso sanakhala pa mpando wachifumu. Anali mphunzitsi, ndipo zida zache zinali ziwiri zokha, china cholembera mizere yoongoka ndi china cholembera mizere yozungulira. Dzina lache ndiye Euclid. Anakhala ndi moyo zaka ngati 300 asanabadwe Kristu, ndipo kufikira lero mwana ali yense wophunzira za mizere ndi ngondya alikutsata mapazi ache, angakhale sanalimve dzina lache.

1. Mudzi wa Alexandria

Kumpoto kwa Africa kuli dziko la Egypt, m'mene mupita mtsinje waukuru wa Nile. Pafupi ndi mathiriro a mtsinjewo, m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, pali mudzi waukuru dzina lache Alexandria. Anaukhazika Alexander, mfumu ya ku Macedonia, chaka cha 331 asanabadwe Kristu, nautcha dzina la iye mwini. Alexander anagonjetsa maiko ambiri kufikira ku India, koma anamwalira chaka cha 323 asanakalambe, ndipo akazembe ache anagawana ufumuwo. Musadabwe kuti 323 idza pambuyo pa 331, pakuti zaka za nthawi ija tiziwerenga chobwerera.

Kazembe wina, dzina lache Ptolemy, anatenga Egypt, nakhala mfumu ku Alexandria. Munthuyu anakonda nzeru. Iye ndi mwana wache anakonza nyumba yaikuru yokhalamo anthu ophunzira, ndi nyumba yosungiramo mabuku yoposa zonse za masiku aja. Mabukuwo sanali onga athu. Anawalemba pamanja pa mapepala a gumbwa, womera m'madambo a Nile, nawapinda monga tipinda mphasa. Anthu anzeru a ku Greece ndi a maiko ena anasonkhana kumeneko, ndipo mwa iwo munali Euclid, amene anaphunzitsa anyamata masamu m'masiku a Ptolemy woyambayo.

2. Nzeru ya kuyesa nthaka

Kale Nile anasefukira chaka ndi chaka, namiza minda ya m'mbali mwache. Pakuphwa madzi anasiya matope achonde, koma anafafaniza malire, ndipo nthawi zina anakokolola mbali ya munda wa munthu. Herodotus, Mgriki wolemba mbiri, anasimba kuti mfumu inkatuma anthu kukayesa mindayo, kuti mwini munda wochepetsedwa apereke msonkho wochepa. Ndipo iye anayesa kuti nzeru ya kuyesa inayamba motero. Ndicho chifukwa chache Agriki anaitcha nzeruyo geometria, ndiko kunena kuyesa nthaka. Masiku ano kusefukira kuja kunaleka, popeza anatseka mtsinjewo ndi khoma lalikuru ku Aswan, limene linatha kumangidwa chaka cha 1970.

Anthu a ku Egypt ndi a ku Babylon anadziwa njira zambiri za kuyesa, ndipo nyumba zao zinaima bwino. Agriki anaphunzira kwa iwo, naonjezapo funso lina lobvuta: kodi chinthu ichi chikhala chotero chifukwa ninji, ndipo tidziwa bwanji kuti chidzakhala chotero nthawi zonse? Thales wa ku Miletus, amene anakhala ndi moyo zaka ngati 600 asanabadwe Kristu, anali mmodzi wa oyamba kufunsa motero. Akale anasimba za iye kuti anapeza msinkhu wa nyumba zija zamiyala za mafumu a ku Egypt pakuyesa mthunzi wache, osakwerapo ai. Pambuyo pache anadza Pythagoras wa ku Samos ndi ophunzira ache, ndiponso Theaetetus ndi Eudoxus.

Pofika masiku a Euclid zodziwika zinachuruka ndithu, koma zinali ngati njerwa zounjikidwa pabwalo, zina apa zina apo. Ena anayesako kuzilongosola m'mabuku, koma Euclid ndiye anamanga nazo nyumba yokhalitsa. Anayamba ndi maziko, naika njerwa iri yonse pamwamba pa inzache yokhazikika kale, osalola ndi imodzi yomwe kulenjekeka m'malere.

3. Buku lache

Buku la Euclid m'Chigriki alitcha Stoicheia, ndipo m'maiko ambiri lidziwika ndi dzina lakuti Elements. Tanthauzo lache ndilo zinthu zoyambira, monga malemba ali chiyambi cha kuwerenga. Liri ndi magawo 13, ndipo m'menemo muli mfundo 465. Gawo loyamba liri ndi mfundo 48, ndipo zambiri za izo zinena za chinthu cha mbali zitatu zoongoka ndi ngondya zitatu, chimene m'sukulu tichitcha thirayango.

Poyamba penipeni Euclid amasulira mau amene adzagwira nao nchito, kuti wophunzitsa ndi wophunzira amvane. Pamenepo apempha wowerenga abvomere zinthu zowerengeka zosakanika: kuti tikhoza kulemba mzere woongoka kuchokera pa malo ena kufika pa ena, kuti tikhoza kuutalikitsa mzerewo, ndi kuti zinthu ziwiri zolingana ndi chinthu chimodzi zilingananso zokha. Zina zonse sapempha kuti tizikhulupire chifukwa wanena ndi iye. Azitsimikiza chimodzi chimodzi, kufikira wowerenga aona yekha kuti sikutheka kukhala mwina.

4. Ngondya zitatu zosiyana

Ngondya ndiyo mpata wa pakati pa mizere iwiri pamene ikomana. Ukuru wa ngondya suli m'kutalika kwa mizereyo, koma m'kuyasama kwache. Tsegulani chitseko pang'ono, ngondya ya pakati pa chitseko ndi khomo iri yaing'ono. Kankhaninso, ngondyayo ikula, koma chitseko chiri chomwecho.

Taganizani mzati woimikidwa pa nthaka yosalala. Ukaima chiriri, wosapendekera uku kapena uko, ngondya ya kudzanja lamanja ilingana ndi ya kumanzere. Ngondya yotere tiitcha yoongoka, ndipo ndimo momwe Euclid anaimasulira. Muiona pa pepala la buku lanu, pa njerwa, ndi pamene makoma awiri a sukulu akomana.

Tsono mzati uja upendekeke. Ku mbali imene waweramirako ngondya yachepa, ndipo ku mbali inayo yakula. Yochepa koposa yoongoka Agriki anaitcha yakuthwa, pakuti isongoka ngati nsonga ya mubvi. Khasu ndi mpini wache zipangana ngondya yotere. Yoposa yoongoka anaitcha yobuntha, monga mpeni wosanoledwa.

Masiku ano tiyesa ngondya ndi madigiri. Yoongoka iri ndi madigiri 90. Yakuthwa siifika 90. Yobuntha ipitirira 90 koma siifika 180. Kugawa mzere wozungulira m'zigawo 360 kunachokera kwa anthu a ku Babylon openya nyenyezi. Euclid sanagwira nchito ndi madigiri m'buku lache. Muyeso wache unali ngondya yoongoka, ndipo zina zonse anazilinganiza ndi iyo.

5. Mitundu ya mathirayango

Euclid anagawa mathirayango pa njira ziwiri. Poyamba anapenya mbali zache: ena mbali zonse zitatu zilingana, ena ziwiri zokha, ena palibe zolingana. Pamenepo anapenya ngondya, napeza mitundu itatu.

Mtundu woyamba ndiwo thirayango wokhala ndi ngondya yoongoka. Pindani pepala la ngondya zinai kuchokera pa nsonga ina kufika pa nsonga yopenyana nayo, ndipo mudzaona awiri otere.

Mtundu wachiwiri ndiwo wokhala ndi ngondya yobuntha. Muuona pa chipupa cha nyumba yofolera malata imene denga lache liri lotambalala, losakwera kwambiri.

Mtundu wachitatu ndiwo umene ngondya zache zonse zitatu ziri zakuthwa. Thirayango wa mbali zitatu zolingana ali wa mtundu umenewu, pakuti ngondya yache iri yonse iri ndi madigiri 60.

Pano mwana wochenjera afunse. Pa mitundu iwiri yoyamba ngondya imodzi yokha yakwanira kupatsa thirayango dzina. Nanga pa mtundu wachitatu tifuniranji zonse zitatu? Ndipo kodi sangapezeke thirayango wa ngondya ziwiri zoongoka, kapena yoongoka pamodzi ndi yobuntha, amene adzasowa pokhala m'mitundu itatuyi? Euclid ayankha funsoli pa mfundo ya 32 ya gawo loyamba, pamene atsimikiza kuti ngondya zitatu za thirayango ali yense, poziphatikiza, zilingana ndi ngondya ziwiri zoongoka, ndiwo madigiri 180.

Mukhoza kuchiona ichi ndi maso anu. Dulani thirayango papepala, ng'ambani nsonga zache zitatu, nimuziike pamodzi mogundana, nsonga zonse pa malo amodzi. Mudzaona kuti zipanga mzere woongoka, ndipo mzere woongoka ndiwo ngondya ziwiri zoongoka, monga tinaona pa mzati uja. Koma Euclid sakadakhutira nacho ichi. Pepala lanu lionetsa za thirayango mmodzi yekha, ndipo diso silitha kuona kusiyana kwa digiri imodzi. Mukadula mathirayango zikwi, atsalabe ena osawerengeka amene simunawayese. Chotero iye anatalikitsa mbali imodzi ya thirayango kuturuka kunja, nalemba pa nsonga yomweyo mzere wina woyenda chimodzimodzi ndi mbali yopenyana nayo, wosakomana nayo konse. Mzerewo ugawa ngondya ya kunja pawiri. Ndipo mwa mfundo zimene anazitsimikiza kale anaonetsa kuti chigawo china chilingana ndi ngondya ina ya m'kati, ndi chinacho chilingana ndi inzache. Motero ngondya zonse zitatu zasonkhana pa mzere umodzi woongoka, ndipo pa kutsimikizaku panalibe kanthu kakuti thirayangoyo ali wamkuru kapena wamng'ono, woonda kapena wotambalala.

Tsono funso lija layankhika. Ngondya imodzi ikatenga madigiri 90, atsala 90 okha oti ziwiri zinazo zigawane, ndipo iri yonse ya izo idzakhala yakuthwa. Imodzi ikatenga 120, atsala 60, ndipo ziwirizo zidzakhala zakuthwa ndithu. Chotero thirayango ali yense ali ndi ngondya ziwiri zakuthwa kapena zitatu, ndipo munthu woona ngondya imodzi yakuthwa sanadziwe kanthu za mtundu wache. Lamulo lache ndi ili: funani ngondya yoposa zinzache. Ikakhala yoongoka, thirayango ndi wa mtundu woyamba. Ikakhala yobuntha, ndi wachiwiri. Ikakhala yakuthwa, zonse ziri zakuthwa, ndipo ndi wachitatu. Mtundu wachinai palibe.

6. Mmisiri ndi chingwe chache

Mfundo ya 47 ndiyo yotchuka koposa, ndipo anthu aitcha ndi dzina la Pythagoras. Inena za thirayango wa ngondya yoongoka: mukachurukitsa kutalika kwa mbali iri yonse ndi iko komwe, za mbali ziwiri zazifupi poziphatikiza zilingana ndi za mbali yaitali. Mfundo ya 48 itembenuza mauwo, niti pamene mbali zitatu zibvomerezana motero, ngondya yopenyana ndi mbali yaitali iri yoongoka.

Amisiri omanga nyumba apindula nayo mfundoyi. Tengani ndodo ziwiri, ina ya mapazi 3, ina ya mapazi 4, nimuzilumikize pa nsonga. Yasamitsani kufikira mpata wa pakati pa nsonga zinazo ukwana mapazi 5. Tsono 3 kuchurukitsa ndi 3 ndi 9, 4 kuchurukitsa ndi 4 ndi 16, ndipo 9 ndi 16 apanga 25, amene ali 5 kuchurukitsa ndi 5. Ngondya yanu iri yoongoka. Mukayasamitsa kufikira mapazi 6, mupeza 36, woposa 25, ndipo ngondya yabuntha. Mukabweza kufikira mapazi 4, mupeza 16, wosafika 25, ndipo ngondya iri yakuthwa. Za ziwiri zotsirizazi Euclid anazilemba kumapeto kwa gawo lachiwiri. Mmisiri wonyozera kuyesa kotere pokumba maziko adzaona bvuto lache pambuyo, pamene makoma akana kukomana ndi denga likhala chopotoka, njerwa ndi mitengo zitatha kale.

Pali chinanso. Mangani ndodo zinai pa nsonga zache, nimukankhe, zidzapendekeka. Mangani zitatu, sizidzasuntha, pakuti mbali zitatu zikakhazikika ngondya zache zakhazikikanso. Ndicho chifukwa chache muona mathirayango m'mitengo ya denga, m'milatho yachitsulo, ndi pa thabwa lopingasa kumbuyo kwa chitseko.

Anthu ena anamseka Euclid chifukwa cha kusamala kwache. Pa mfundo ya 20 atsimikiza kuti mbali ziwiri za thirayango poziphatikiza ziposa yachitatu. Otsata Epicurus ananyoza kuti ngakhale buru achidziwa chimenecho, popeza akaona udzu alunjika komweko, osazungulira. Koma Proclus, amene anamasulira buku la Euclid zaka ngati 450 atabadwa Kristu, anawayankha kuti kuona chinthu ndi maso kusiyana ndi kudziwa chifukwa chache.

7. Makhalidwe ache

Pappus, mphunzitsi wina wa ku Alexandria wa zaka za pambuyo, analemba kuti Euclid anali munthu wofatsa, wosadzitama, wokomera mtima onse othandiza kukuza nzeru ya masamu ngakhale pang'ono, ndi wosalanda ulemu wa iwo amene anamtsogolera.

Nkhani ziwiri za iye zasungika mwa akale. Yoyamba anaisimba Proclus. Mfumu Ptolemy inafuna kudziwa nzeru ya kuyesa, koma inaona bukulo lalitali ndi lobvuta, nifunsa Euclid ngati panalibe njira ina yachidule. Euclid anaiyankha mosaopa kuti m'nzeru imeneyi mulibe mseu wolambulidwira mafumu. Mfumu ndi mwana wa mlimi ayenera kuyenda njira imodzi, kuyambira pa mfundo yoyamba.

Yachiwiri inena za mnyamata amene, atangophunzira mfundo yoyamba, anafunsa kuti adzapindulanji nazo zimenezi. Euclid anaitana kapolo wache, namuuza apatse mnyamatayo kandalama, popeza sakhoza kuphunzira kanthu popanda kulipidwa. Phindu la nzeru lilipo, monga taona pa mmisiri uja; koma wofuna kukolola tsiku lomwe wabzala sadzafika pa mfundo yachiwiri.

Euclid analembanso mabuku ena, lina la kayendedwe ka nyenyezi, lina la mapenyedwe a maso. M'buku lache lalikuru muli za manambala, ndipo m'gawo la 9 atsimikiza kuti manambala osagawika, monga 2, 3, 5, 7 ndi 11, alibe mathero. Atamwalira iye ophunzira ache anapitiriza kuphunzitsa ku Alexandria, ndipo Apollonius, amene anadzatchuka pa masamu, anakhala nao nthawi yaitali.

8. Ulendo wa bukulo

Ufumu wa banja la Ptolemy unatha chaka cha 30 asanabadwe Kristu, pamene Aroma anatenga Egypt. Nyumba ya mabuku ija inaonongeka, ndipo mabuku ambiri a Agriki anatayika osapezekanso. Gumbwa afumbwa ndi kubvunda. Buku likakhala lopanda munthu wolilembanso pamanja, lafa. Koma buku la Euclid silinasowe alembi. Theon wa ku Alexandria analikonzanso zaka za m'ma 300 atabadwa Kristu. Zaka ngati 800 al-Hajjaj analitembenuza m'Chiarabu ku Baghdad, m'masiku a Harun al-Rashid, ndipo Aarabu analiphunzira mwakhama. Buku lina lolembedwa pamanja m'Chigriki chaka cha 888 alisunga ku Oxford kufikira lero.

Zaka ngati 1120 Adelard wa ku Bath, ku England, analitembenuza kuchokera m'Chiarabu kunka m'Chilatini. Analisindikiza pa makina nthawi yoyamba ku Venice chaka cha 1482. Linaturuka m'Chingerezi chaka cha 1570. Ndipo magawo ache 6 oyamba anaturuka m'chinenero cha ku China chaka cha 1607. Abraham Lincoln, amene anadzakhala mtsogoleri wa America, anaphunzira yekha magawo 6 omwewo ali munthu wamkuru, kuti adziwe kutsimikiza mlandu.

Mwa zinthu zija Euclid anapempha kuti tizibvomere, chachisanu chinena za mizere yosakomana, ndipo mfundo ya 32 itsamira pa icho. Zaka mazana ambiri anthu anayesa kuchitsimikiza kuchokera ku zinazo, nalephera. Potsiriza Lobachevsky wa ku Russia chaka cha 1829, ndi Bolyai wa ku Hungary chaka cha 1832, anaonetsa kuti pakhoza kukhala nzeru ina ya kuyesa yosatsata chachisanucho. Pamenepo kunadziwika kuti Euclid analondola pakuchiika pa zopempha, pakuti sichitsimikizika kuchokera ku zinzache. Madigiri 180 aja ndi a thirayango wolembedwa pa malo osalala, monga pepala, bolodi, kapena bwalo la sukulu. Pa chinthu chobulungira monga dzungu, kapena dziko lapansi lonse, ngondya zitatu ziposa 180, ndipo oyendetsa zombo ndi ndege pa maulendo atali asamala chimenechi.

Tsono inu, pakulemba thirayango pa sileti kapena pa mchenga, musathamangire kumpatsa dzina monga aonekera. Funani ngondya yoposa zinzache, iyeseni ndi nsonga ya pepala la buku lanu, ndipo mphunzitsi akafunsa, nenani mtundu wache pamodzi ndi chifukwa chache.

Mafunso

1. Euclid anaphunzitsa m'mudzi uti, ndipo mfumu ya masiku aja inali yani?
2. Mau akuti geometria atanthauzanji, ndipo anayamba bwanji?
3. Tchulani mitundu itatu ya ngondya, nimupeze chitsanzo cha uli wonse m'sukulu kapena kwanu.
4. Thirayango ali ndi ngondya ya madigiri 40 ndi ina ya 30. Pezani yachitatu, nimunene mtundu wa thirayangoyo.
5. Chifukwa ninji thirayango sakhoza kukhala ndi ngondya ziwiri zoongoka?
6. Mbali za thirayango ziri mapazi 6, 8 ndi 10. Kodi ali wa mtundu uti?